Buku Lochedwa Kubwera

Lolemba m'mawa anatipatsa timipeni tobuntha
kuti tipale mitanda yofiira pamipando ya m'laibulale,
mitanda ija inkati: apa pasakhale munthu, pakhale mphepo.
Mitanda yachoka, koma ulimbo wake watsala,
ndipo fumbi la ku Chichiri lakakamira pomwepo
ngati chipsera cha katemera paphewa.

Chidebe chosambira m'manja cha pachipata chija
mlonda Chikaonda wabzalamo tsabola.
Akuti zaka ziwiri ankaloza anthu pamphumi ngati msilikali,
lero akuphunziranso kupereka moni wa chanza,
dzanja limayamba lakayika kaye m'malere.

Ana abwerera.
Akutsika maminibasi a ku Bangwe, a ku Zingwangwa, a ku Machinjiri,
zikwama kumsana, phokoso patsogolo.
Ena ndinkawadziwa maso okha.
Lero ndaona pakamwa pawo koyamba,
mpata wa m'mano, tindevu tongomera kumene,
ndipo ndi lero lomwe ndalephera kuwazindikira.
Mayi Nasimango abweza beseni lawo la zitumbuwa pansi pa jakaranda,
mtengo wakwera, zitumbuwa zaonda,
koma mzere wathinana, chifuwa pamsana,
palibe akuwerenga mapazi.

Ine ntchito yanga ndi chidindo.
Tsiku lake linaima mu Malichi wa chaka chija.
Ndalipukusa ndi chala, mwezi ndi mwezi,
likulira ngati bondo la munthu wodwalika.

Cha m'ma leveni kwalowa mayi wosakhala wa pano,
patapata wake wafumbi, maso akufunafuna pogogoda.
Watula pa kauntala jumbo ya shuga,
m'katimo buku lochindikala la kamangidwe ka milatho.
Ndalipeza kunsi kwa matiresi ake, watero,
akuti likachedwa mumalipiritsa.

Ndatsegula chikuto. Dzina lomaliza pakhadi:
Mwandida Matewere, chaka chachitatu.
Ndamukumbuka. Ankakhala pawindo loyang'ana ku Soche,
ankatafuna chivindikiro cha cholembera,
ndinamulandapo chinangwa chokazinga kawiri.

Ankati adzamanga mlatho pa Nasolo
kuti tileke kuvula nsapato mvula ikagwa.
Mayi walankhula akumasula mfundo ya chitenje.
Ku Kwinzi, m'tenti muja, sanatilole kulowa.
Tinangomva pafoni.

Kompyuta sidziwa maliro.
Yawerenga masiku onse, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe,
yatulutsa nambala yoposa lendi ya nyumba ku Ndirande.
Ndatembenuza galasi lake kuti liyang'ane khoma.
Netiweki yavuta, mayi, ndatero,
ndipo ikavuta chonchi sitilandira ndalama.
Bodza langa loyamba pa ntchito ino,
ndalinena ndi mawu a lamulo.

Pa tsamba 114 panali kansalu ka pakamwa,
kosokedwa pamanja, ka maluwa achikasu,
katapindidwa bwino posonyeza pomwe analekeza.
Mayi wakayang'ana, wayang'ana chitenje chake chomwe:
maluwa omwewo, m'mphepete mwaperewera.
Wakatenga, wakanunkhiza,
wakaika m'mfundo muja munali ndalama.
Sanalire. Wangofunsa pokwerera minibasi.

Kunja belu la msonkhano wa ophunzira likulira,
akukangana za alawansi, za nyemba za ku kafeteriya,
wina akuyesa zokuzira mawu za dansi ya Lachisanu.
Akuti zonse zabwerera mwakale.
Mwina. Mpando wa pawindo uja wakhalapo kale wina.

Dzuwa litapendeka kwabwera kamnyamata ka chaka choyamba,
kolala ya shati idakali youma ndi sitachi,
kakufunsa ngati tili ndi buku la milatho.
Langofika kumene, ndatero.
Ndanyowetsa chidindo, ndadinda: masabata awiri.
Kakutembenuka kuti kazipita, ine ndagwira chikuto,
sindinachisiye msanga.

Iwe, ndati,
likatha udzabweze wekha.